Khonje, ziguduli ndi zigamba: kodi nsalu ingakhale chiboliboli?

Tamanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndaika zithunzi pamwambapa. Chinthucho ndachiluka ndi khonje, ziguduli zakale za fodya ndi zigamba za zitenje, ndipo mkati mwake muli nthiti za nsungwi. Chikapachikidwa kudenga chimafika pansi, moti munthu wamkulu atha kulowa mkati n'kuimirira. Ndinachipereka ku chionetsero china cha zaluso mu Mzuzu muno, kugawo la ziboliboli. Andibwezera, akuti ndichipititse kutebulo la ntchito zamanja za amayi, komwe kuli zoyala patebulo ndi zipewa za ana. Sindikunyoza zoyala patebulo, mayi anga anatilera ndi singano yolukira. Koma chinthu chotalika kuposa chitseko, chokhala ndi mimba ndi msana, chingagone bwanji patebulo? Ndikupempha maganizo anu, makamaka inu akuluakulu osema.

Wezi: Asisi, chimenechi mwaluka nokha? Mtundu wofiirawo mwautenga kuti?

Tamanda: Kuluka ndaluka ndekha, koma nsungwi anandipindira ndi bambo ena oluka madengu ku Mchengautuwa. Zofiirazo ndi zigamba za zitenje basi, khonjeyo sindinamunyike mu utoto uliwonse.

Bambo Phiri Wosema: Mwanawe, ntchito wagwira, manja ako ndi abwino. Koma wafunsa osema, ndiye ndisakunamize. Ine ndinayamba kusema ndili mnyamata pamsewu wa ku Nkhata Bay. Chiboliboli chimakhala chili kale mumtengo, iwe umangochotsa zosafunika ndi kasemasema mpaka chituluke. Chikatuluka chimaima chokha. Ukachisiya pakhonde n'kupita ulendo, pobwera uchipeza momwe unachisiyira, ndipo mdzukulu wako adzachipezanso chomwecho. Chakochi ukamasula chingwe cha kudenga chigwa pansi ngati mulu wa zochapa. Sindikunena kuti si luso. Ndikunena kuti anthu aja sanalakwitse kwenikweni pochichotsa pakati pa mitengo ndi miyala.

Mayi a Chisomo: Bambo Phiri, nanga kutebulo la amayiko n'kumene chikuyenera? Yankhani pamenepo.

Bambo Phiri Wosema: Ayi mayi, kumenekonso sichikwana. Akanachipezera malo akeake.

Aphunzitsi NyaGondwe: Ndalowa mochedwa, ndinali ndikuchonga mayeso. Bambo Phiri, mkangano womwe mwayambitsawu unachitikapo kale kunja zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo ndikufuna ndiufotokoze bwino chifukwa ukumukhudza mwanayu.

Mu 1962 mumzinda wa Lausanne ku Switzerland munayamba chionetsero chachikulu cha nsalu zowomba zopachika kukhoma. Mwambo wa ku Ulaya unali wakuti wojambula amajambula chithunzi papepala, kenako owomba nsalu amachikopera ndi ubweya wankhosa, chosalala bwinobwino. Kunabwera mayi wina wa ku Poland, Magdalena Abakanowicz, wobadwa mu 1930. Dziko lawo linali litasakazidwa ndi nkhondo, zipangizo zinali zosowa, iye n'kumakhala m'kachipinda kakang'ono ku Warsaw. Ankatola zingwe zakale za masitima apamadzi, zingwe za khonje yemweyu amene timatchingira minda, n'kumazimasula ulusi umodziumodzi, kuzichapa, kuzinyika mu utoto, kenako n'kuwomba. Zomwe ankawombazo pang'onopang'ono zinachoka kukhoma n'kuyamba kulendewera pakati pa chipinda: zikuluzikulu, zina zotalika mamita 4, zokhala ndi mapindo, ming'alu ndi mphako zoti munthu n'kusuzumiramo. Anthu anasowa pozigwirira, mpaka anazitcha dzina lochokera ku dzina lake, ma Abakan. Mu 1965 analandira mphoto yaikulu pa chionetsero cha ku São Paulo ku Brazil. Pambuyo pake anayamba kuumba misana ya anthu opanda mitu pogwiritsa ntchito ziguduli zakale zolimbitsidwa ndi guluu wouma gwa. Anamwalira mu 2017, ndipo lero palibe amene amakayika kuti anali mmodzi mwa akatswiri a ziboliboli a nthawi yake. Nyumba yoonetseramo zaluso ya Tate Modern ku London inaonetsa ma Abakan aja kuyambira mu 2022 mpaka mu 2023.

Chomwe chinasintha maganizo a anthu n'chakuti zinthuzo sunkaziona kutsogolo kokha. Unkayenera kuzizungulira. Zinali ndi kulemera, chithunzithunzi chake pansi, fungo, ndipo munthu akadutsa pafupi zinkagwedezeka. Kwa ine muyeso ndi umenewo: kodi chinthucho chikulanda malo m'chipinda n'kukukakamiza kuyenda mochizungulira? Cha Tamanda chikutero.

Bambo Phiri Wosema: Aphunzitsi, mwafotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo. Koma mwanena nokha kuti pambuyo pake mayiyo analimbitsa ziguduli zake kuti ziime zokha. Ndiye kuti nayenso anaona chomwe ndikunenachi.

Aphunzitsi NyaGondwe: Anazilimbitsa chifukwa nkhani yomwe ankafuna kunena inali itasintha, bambo. Zolendewera zija sanazikane.

Kondwani ku Joni: Moni kumudzi. Bambo Phiri, pali munthu wina amene ndikuona kuti mungamumvetse kuposa mayi wa ku Poland uja, chifukwa anayambira kumene inu muli. El Anatsui wa ku Ghana, wobadwa mu 1944, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku yunivesite ya ku Nsukka ku Nigeria. Ameneyu ankaumba dongo ndi kusema mitengo, mpaka ankadula matabwa ndi macheka a injini n'kumawawaula ndi moto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anatola thumba la zitsekerero za mabotolo a mowa, zija zachitsulo chofewa. Anayamba kuziphwatalitsa, kuziboola, n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa. Zotuluka zake ndi zinthu zazikulu zotha kuphimba khoma lonse la nyumba, zonyezimira, zopindika monga imapindikira nsalu. Iye sapereka lamulo la kapachikidwe kake. Amene akupachika ndiye amasankha poika mapindo, ndiye chinthu chimodzi chomwecho chimaoneka mosiyana mumzinda uliwonse. Mu 2015 pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice ku Italy anamupatsa mphoto ya Golden Lion chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, ndipo mu 2023 anadzaza holo yaikulu ya Tate Modern. Mukachimasula kukhoma nachonso chimagwa pansi, bambo. Koma wochipangayo ndi wosema mnzanu ndipo amachitcha chiboliboli.

Bambo Phiri Wosema: Zitsekerero za mowa? Tumiza chithunzi ndione ndi maso anga.

Kondwani ku Joni: Ndatumiza. Muonetsetse anthu aima pansiwo kuti muone kukula kwake.

Bambo Phiri Wosema: Ndaona. Chimenechi n'chachikulu ndithu. Koma ndi chitsulo, chidzakhala zaka. Nkhawa yanga ili pa khonje ndi chiguduli mu Mzuzu muno.

Limbani: Ndilankhuleko ngakhale ndine wamng'ono. Chikundipweteka n'chakuti tathamangira ku Poland ndi ku Ghana pomwe zinthuzi zili kuseri kwa nyumba zathu. Agogo anga aamuna amaluka nkhokwe. Amayamba ndi kudula nsungwi, kuzing'amba, kuzipala, kenako amaimika mizati n'kuluka mozungulira iwo ali mkati, mpaka khoma liwapitirire msinkhu. Nkhokwe imakhala ndi mimba, imakhala ndi khosi, imanyamula chimanga cha chaka chonse osaphulika. Amalukanso mono wogwirira nsomba, wokhala ndi kukamwa kolowera mkati koti nsomba ikalowa isatuluke. Palibe pepala, palibe tepi yoyezera, zonse zili m'maso ndi m'zala. Munthu wina atatenga mono wa agogo n'kuupachika m'chipinda choyera ku London, atayatsa nyali pamwamba, anthu angaime mwakachetechete n'kumauzungulira. Kuno timangouponya kuseri kwa khitchini. Ndiye asisi Tamanda sanabweretse zachilendo ayi. Atenga kalukidwe ka kwathu n'kukachotsa pantchito yosunga chimanga kuti kanene nkhani ina.

Mayi a Chisomo: Pamenepo wanena, Limbani. Ndipo taonani, nkhokwe, madengu, malichero, mphasa, amaluka ndi abambo. Nanga zoti kuluka ndi ntchito ya amayi zinachokera kuti?

Aphunzitsi NyaGondwe: Mbali yaikulu zinabwera ndi sukulu, mayi. Atsikana ankapatsidwa singano, anyamata n'kupatsidwa macheka ndi matabwa, ndipo ife amene tinaphunzira kale tinakulira m'menemo. Koma kale ku Chigwa cha Shire, Amang'anja ankalima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu yawoyawo, ndipo owombawo anali amuna. David Livingstone atadutsa kumeneko mu 1859 anapeza ntchitoyi ili mkati m'midzi. Kumtunda kuno makolo ankasula chiwondo kuchokera ku khungwa la mombo, kulimenya mpaka lifewe n'kutambasuka. Ku Uganda nsalu ya khungwa la mtengo ikupangidwabe, ndipo UNESCO inaizindikira mu 2005. Kwathu kuno inazimirira nsalu za m'masitolo zitachuluka.

Kusalidwa kwa nsalu si kwa kuno kokha. Sukulu yotchuka ya zaluso ya Bauhaus ku Germany, yomwe inatsegulidwa mu 1919, inkalandira akazi, koma ambiri inkawakankhira kuchipinda chowombera nsalu. Anni Albers analowa m'menemo asakufuna, n'kudzakhala katswiri, moti mu 1949 nyumba yoonetseramo zaluso ya Museum of Modern Art ya ku New York inamuchitira chionetsero chakechake. Tebulo lomwe amulozera Tamanda lili ndi mbiri yaitali.

Mbewe wa ku Dedza: Ndakhala ndikuwerenga osayankha. Ndikudziwa kuti posachedwa wina atchula Gule Wamkulu, ndiye ndiyambe ndine mwini wake. Inde, amene anaonapo Kasiyamaliro akutuluka m'bandakucha, kapena Njovu pamaliro a mfumu, sangafunsenso ngati udzu, makoko a chimanga ndi ziguduli zingakhale ndi thupi ndi ulemerero. Anthu amakhala chete, ena amalira. Koma ndikupempheni abale anga, zimenezi ndi zilombo, zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Si zoti munthu atengere maonekedwe ake n'kukapachika kuhotela kuti alendo azijambulitsa. Za kudambwe sindinena pagulu pano. Amene akufuna kuphunzira mwaulemu apite ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, akaone zomwe zinasungidwa ku miyuziyamu ya Chamare ndi kumva tanthauzo lake.

Tamanda: Achimwene a Mbewe, ndamva ndipo ndikulemekeza. Changachi sichikutengera chilombo chilichonse. Nkhani yake ndi ya azakhali anga amene analima fodya moyo wawo wonse ngati matenanti ku Mzimba. Ziguduli zomwe ndagwiritsa ntchito zinakutirapo mabelo opita ku okushoni, zina zikadali ndi manambala olembedwa ndi penti. Ukalowa mkati umamva fungo la fodya. Ndinkafuna munthu aime m'mimba mwa belo, aone kuwala kukulowa m'timabowo, akumbukire amene anasoka fodyayo usiku.

Mbewe wa ku Dedza: Ngati zili choncho, pitiriza mlongo wanga. Ndipo ndionjezere chimodzi chothandiza mbali yako. Bambo Phiri akuti chinthu chiyenera kukhala mpaka kwa adzukulu. Kwathu zilombo zina zikamaliza ntchito yake pamwambo sizisungidwa, zimabwerera komwe zinachokera. Palibe amene amati n'zachabe chifukwa sizinakhalitse.

Bambo Phiri Wosema: Zamwambo n'zamwambo, a Mbewe, palibe amagula. Koma mwanayu akufuna adye ndi luso lake. Munthu akapereka ndalama zake, chaka chamawa n'kupeza chinthu chachita chuku, adzabweranso? Inu nonse mukudziwa nyengo ya kuno. Mvula imapitirira mpaka mu Epulo pomwe kwina yasiya, kenako kumabwera kuzizira ndi mawawa a mu Juni ndi Julaye. Nsapato zimachita chuku pansi pa bedi. Chiguduli chimayamwa chinyezi, khonje amatero, makoswe amakonda kumanga zisa m'menemo, nsungwi nazo zimafumbwa. Ine mtengo ndimaupaka polishi n'kugona tulo. Iye apaka chiyani?

Wezi: Funso limeneli ndi loona. Ine ndinasunga mkeka m'chipinda chosatsegula mawindo ku Luwinga, unada mawangamawanga.

Limbani: Za nsungwi ndingayankhe, chifukwa agogo amandituma. Sadula nsungwi yanthete, amasankha yokhwima, ndipo amadula m'chilimwe madzi ake atachepa. Akadula amaiviika m'madzi kwa milungu ingapo kuti zotsekemera za mkati zomwe tizilombo timatsata zichoke, kenako amaumika pamthunzi. Lichero kapena dengu latsopano amaliika pamwamba pa moto kukhitchini kuti lilowe utsi. Lichero la utsi limakhala zaka osafumbwa.

Tamanda: Zoviika m'madzizo ndichita pa chotsatira. Ziguduli ndinazichapa n'kuziyanika padzuwa mpaka kuuma gwa ndisanayambe kusoka, ndipo chinthucho sichikhudza khoma kapena simenti. Chimafuna malo opita mphepo basi.

Kondwani ku Joni: Kunja nakonso vutoli lilipo, kungoti ali ndi ndalama zolimbana nalo. Nyumba zosungiramo zaluso zimachepetsa kuwala chifukwa dzuwa limasulutsa utoto, zimayeza chinyezi, ndipo nsalu siikhala poonekera chaka chonse, amaipumitsa m'bokosi. Koma pali ubwino umodzi womwe mtengo ulibe. Nsalu imapindika. Bambo Phiri mukudziwa mmene mlendo amasiyira chiboliboli chachikulu chomwe wachikonda chifukwa cha kulemera kwa katundu wa pandege. Chinthu chodzaza chipinda chitha kulowa m'chikwama chimodzi ngati nthiti zake n'zomasula.

Bambo Phiri Wosema: Pamenepo sinditsutsa. Ndipo phingo akusowa, mlombwa nawo tikuutsata kutali. Ana amene ndikuwaphunzitsa sindidziwa kuti adzasema chiyani.

Mayi a Chisomo: Ine ndilankhule za zigamba, chifukwa ndimasoka pafupi ndi msika wa Taifa ndipo ndikudziwa zomwe zimatsala pansi pa makina. Madzulo aliwonse timasesa milu ya tizidutswa ta zitenje. Ena amatenga kukapanga zopondera pakhomo, zambiri zimatenthedwa. Onjezani za kaunjika zomwe zakanika kugulidwa ngakhale pamtengo wotsitsitsa, majuzi obooka, makatani ong'ambika. Zonsezo zimathera m'ngalande. Koma Tamanda, mwana wanga, usamasakanize mwachisawawa. Chitenje cha thonje lenileni chimamwa madzi n'kufota pang'ono, cha pulasitiki chija chonyezimira sichifota ndipo chimaterera pansi pa singano. Ukazisoka pamodzi pamalo onyamula kulemera, msoko umakokana n'kung'ambika. Pachithunzi chachiwiri paja, kumtunda kumene chingwe chagwira, ndikuona kuti payamba kale kukokeka. Bwera nacho ndikuikire lamba wa kanivasi mkati, kulemera kugawanike.

Tamanda: Mwaona bwino amayi, pamenepo pakundidetsa nkhawa. Ndibwera Loweruka.

Wezi: Kodi alipo Mmalawi amene anatchuka ndi zansaluzi? Kapena ndi za anthu akunja zokhazokha?

Kondwani ku Joni: Alipo, ndipo amakhala konkuno ku Johannesburg. Billie Zangewa, anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, n'kuphunzira zaluso ku Rhodes University. Amadula tizidutswa ta silika n'kutisoka pamanja kupanga zithunzi za moyo wa tsiku ndi tsiku: mayi ali kukhitchini, mwana akugona, munthu akusamba, iye mwini atakhala pampando. Ntchito zake zaonetsedwa ku Paris, ku London, ku New York ndi ku Seoul. Zimapachikidwa kukhoma, ndiye Bambo Phiri anganene kuti ndi zithunzi osati ziboliboli, ndipo sindingakangane nawo kwambiri. Koma m'mphepete mwake sakonza kuti mukhale mowongoka, amasiya mbali ina itadukadukiza, ulusi ukulendewera, moti umadziwa kuti ukuona chinthu chogwirika osati windo loonera kutali. Chomwe chimandikhudza ine n'chakuti anatenga singano yomwe anthu amaipeputsa, n'kusokera nkhani za m'nyumba zomwe anthu amazipeputsanso, osapepesa kwa aliyense.

Wezi: Ndiye bwanji kusukulu sitinamvepo dzina lake?

Aphunzitsi NyaGondwe: Funso limenelo likutibaya ife aphunzitsi. Ine ndimamutchula m'kalasi mwanga, koma ana alibe poonera ntchito yeniyeni, amangoona pafoni yanga. Nsalu pafoni imafa, suona msoko, suona makulidwe ake.

Tamanda, pali mnyamata wina wa ku Ghana amene uyenera kumudziwa chifukwa mukugwira chinthu chimodzi. Ibrahim Mahama, wobadwa mu 1987 ku Tamale. Amasonkhanitsa ziguduli zomwe zinabwera m'dziko lawo kudzanyamula koko, kenako n'kugwiritsidwanso ntchito kunyamula makala ndi zakudya m'misika mpaka kuda ndi kung'ambika. Amapatsa amalonda matumba atsopano n'kutenga akalewo, okhala ndi mayina ndi zizindikiro za eni ake. Amawasoka pamodzi ndi anthu ambiri n'kukuta nawo nyumba zathunthu. Mu 2015 ku Venice anakuta makoma aatali a njira yonse yodutsamo anthu. Ndipo ndalama zomwe anapeza anakamangira malo a zaluso kwawo ku Tamale, omwe anatsegulidwa mu 2019, kuti ana akumpoto kwa Ghana asamadikire kupita kulikulu kuti akaone luso. Tamale ndi mzinda wakumpoto, kutali ndi Accra. Ndikamawerenga za iye ndimaganiza za Mzuzu wathuyu.

Limbani: Aphunzitsi, mwati amasoka ndi anthu ambiri. A Kondwani nawonso ndikukhulupirira kuti bambo wa zitsekerero uja salumikiza yekha. Mayina a anthu amenewo amalembedwa pati?

Kondwani ku Joni: Salumikiza yekha, ali ndi anyamata ambiri omuthandiza pamalo ake ogwirira ntchito, ndipo sabisa. Koma pakhoma la chionetsero pamalembedwa dzina lake.

Limbani: Apo ndiye pamene mtima wanga sukhazikika. Taonani mipando yoluka ija imatchedwa ya ku Malawi. Ku Joni ndi ku Ulaya ili m'masitolo apamwamba, koma amene anailuka pansi pa mtengo palibe amamudziwa, ndipo zomwe analandira n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa kumeneko. Ndikuopa kuti zansaluzi zikayamba kuyenda bwino, ophunzira a m'tauni adzakhala aluso, agogo anga n'kukhala aganyu. Asisi Tamanda, musandimve molakwa. Koma mwanena nokha kuti nthiti za chinthu chanu anapinda ndi bambo a ku Mchengautuwa. Popanda nthitizo mimba ija ikanaoneka?

Tamanda: Sikanaoneka. Ndinawalipira zomwe anatchula, osanenerera. Koma za dzina ukunena zoona, liyenera kukhalapo. Ndiwafunsa ngati akufuna lilembedwe, ndipo akavomera likhala pambali pa langa paliponse pomwe chinthuchi chidzaonetsedwe.

Mayi a Chisomo: Uwafunsenso ngati akufuna kudzachiona chitapachikidwa. Anthu oluka ambiri saona komwe ntchito yawo imathera.

Bambo Phiri Wosema: Pankhani iyi ndili mbali ya Limbani kotheratu. Ife osema tinazionera. Wogula wa mumzinda amatenga katundu wathu wambiri pamtengo wolira, kukafika uko amachotsa dzina n'kumata pepala lake. Ndiye ngati mukuyamba njira yatsopano, muyambe bwino. Wopota chingwe, wopinda nsungwi, wosoka lamba, onse adziwike.

Mbewe wa ku Dedza: Komanso mtengo wake uzigawidwa poyera chinthu chikagulidwa, osati kungowapatsa ya sopo pa tsiku loyamba.

Aphunzitsi NyaGondwe: Apa ndisiyana nanu pang'ono, a Mbewe. Maganizo a chinthuchi ndi a Tamanda. Ndi iye anaona belo la fodya n'kuganiza zoti munthu alowe mkati. Ndi iye anataya nthawi yake osadziwa ngati chidzagulidwa, ndipo chikakanika kugulidwa adzaluza yekha. Bambo opinda nsungwi analandira zawo tsiku lomwelo. Dzina lilembedwe, inde, malipiro akhale oyenera, inde. Koma tikanena kuti aliyense wogwirapo ndi mwini wake mofanana, palibe wachinyamata adzayerekeze kupanga chinthu chachikulu.

Limbani: Sindikunena mofanana, aphunzitsi. Ndikunena kuti chikagulidwa pamtengo woposa womwe onse ankayembekezera, abwerere kukawaonjezera. Agogo sadziwa mitengo ya m'nyumba za zaluso, amatchula mtengo wa dengu.

Aphunzitsi NyaGondwe: Zimenezo ndavomera.

Wezi: Nanga poonetsera? Chifukwa ngakhale titagwirizana pano kuti ndi chiboliboli, mu Mzuzu muno denga lalitali loti n'kupachikapo chinthu chotere lili kuti? Ku miyuziyamu malo ndi ochepa.

Kondwani ku Joni: Musadikire chipinda choyera. Kuli maholo a matchalitchi, kuli mashedi osungiramo katundu ku Luwinga omwe amakhala opanda kanthu nyengo ya fodya ikatha. Chinthu cha ziguduli za fodya chitapachikidwa m'shedi momwemo chingalankhule kuposa mu hotela. Ndipo ku Nkhata Bay ndi ku Usisya maukonde akale ong'ambika angotayidwa m'mbali mwa nyanja. Ndi nayiloni, saola, chuku sachiopa. Wina apange nawo kanthu.

Tamanda: Maukondewo ndawaganizirapo, koma ndikufuna ndiyambe ndacheza ndi asodzi eni ake. Sindifuna kungotola chinthu chifukwa chili ndi maonekedwe abwino ndisakudziwa nkhani yake.

Mayi a Chisomo: Za holo ndikafunsa kwa amayi a kumpingo kwathu, mitanda ya denga lathu ndi yachitsulo. Koma kukwera pamwamba n'kumanga chingwe choti chisagwere munthu, imeneyo si ntchito ya telala.

Bambo Phiri Wosema: Imeneyo ndisiyireni ine, makwerero ndili nawo. Tamanda, undiuze kulemera kwake, ukachiyeze pasikelo ya ogula chimanga. Chingwe cha khonje chokha sindichikhulupirira pamwamba pa mitu ya anthu, tidutsitsa waya wolimba mkati mwake kuti asaoneke, ndipo timanga pawiri kuti pena pakaduka pena pagwire. Dzina loti chiboliboli sindinalivomerebe, ndikufuna ndiyambe ndalowamo ndekha. Limbani, ukawafunse agogo ako ngati angabwere kudzaona nthiti zija tisanakweze, chifukwa pachithunzi chachitatu pali imodzi yomwe yapindidwa mopitirira ndipo ndikuona ngati yayamba kung'aluka.

Limbani: Ndiwaimbira madzulo ano. Akavomera pafunika ya minibasi yobwera ndi yobwerera, ndiponso ya tsiku lawo, chifukwa asiya madengu a anthu osamaliza.

Mbewe wa ku Dedza: Ya minibasi ndipereka ine. Ena tithandizane ya tsikulo, mutumize kwa Mayi a Chisomo lisanafike Lachisanu.